Wodwala khansa watuluka kuchipatala: momwe mungamusamalire pakhomo

Tsiku lomwe azakhali anga anatulutsidwa kuchipatala ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, tinangopatsidwa botolo la mofini (mankhwala amphamvu oletsa ululu), kasirinji kopanda singano ndi buku lawo la kuchipatala, basi ine ndi amene ndinasanduka nesi wa pakhomo. Zambiri ndinaziphunzira mochedwa iwo atavutika kale, nde ndati ndikulembereni inu amene mwangoyamba ugadiyani.

Choyamba, ululu musamaudikire. Apa mpomwe ambirife timalakwitsa, timadikira kuti munthu ayambe kubuula kenako nkumathamangira botolo. Mofini wakumwa uja amagwira ntchito pafupifupi maola 4, ndiye amamwedwa potsata wotchi, kaya ululu ulipo kaya palibe. Ife anatiuza 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, kenako 10 koloko usiku mlingo wowirikiza kuti agone mpaka kuche, koma inu tsatani zomwe akulemberani m'buku. Tcherani alamu pa foni. Yezani ndi sirinji osati supuni ya tiyi, ndipo botolo likhale patali ndi ana. Kumudzi kunabwera achibale ena nkumati mankhwala amenewo amapatsa anthu oti akufa, musawamwetse. Si zoona. Azakhali atayamba kumwa mwandondomeko anayambanso kukhala pakhonde kusankha nyemba, kucheza ndi adzukulu, zomwe anali atasiya kwa miyezi. Akamasinza kwambiri masiku oyamba musadabwe, zimachepa, koma ngati akuvuta kudzutsa kapena akupuma mwapatalipatali musawapatse wina, pitani nawo kuchipatala.

Chachiwiri chimayendera limodzi ndi mofini: m'mimba mumauma. Funsiranitu mankhwala ofewetsa chimbudzi ngati bisacodyl tsiku lomwelo lotenga mofini, apatseni madzi pafupipafupi, mapapaya akupsa, therere. Masiku 3 akadutsa osapita kuchimbudzi kauzeni anesi, musachite nazo manyazi.

Kenako bala ndi fungo. Nkhani iyi anthu safuna kuikamba koma ndi imene imathawitsa alendo, wodwala nkumadziona ngati wanyansa. Wiritsani madzi theka la lita, ikanimo mchere supuni yaing'ono imodzi, azizire. Sambani m'manja ndi sopo, valani magolovesi, tsukani bala pothira madziwo pang'onopang'ono, osakhula ayi chifukwa mabala a khansa sachedwa kutuluka magazi. Nsalu ikamatirira inyowetseni kaye musanachotse. Za fungo funsani anesi za Flagyl, amaphwanya mapilisi kukhala ufa nkuwaza pabalapo, kwa amayi a khansa ya chiberekero amawalangiza kaikidwe kake. Ife patangopita masiku ochepa chipinda chinasintha, azakhali anayamba kulola kuti amayi a mvano alowe kudzaimba. Sungani zitenje zakuda kapena zofiirira pafupi, magazi akatuluka mumapsinja nazo pamalopo ndipo saoneka moopsa ngati pa nsalu yoyera. Magazi akapanda kusiya, kuchipatala msanga.

Ngati sakutha kudzuka, muziwatembenuza maola awiri aliwonse, uku, chagada, uko. Yang'anani m'chiuno, kumatako, zidendene ndi m'mapewa, pakafiira osabwerera mwakale ndiye kuti chilonda chayamba. Yalani pulasitiki pansi pa chitenje, chikanyowa sinthani pompo, pakati pa mawondo ikani pilo kapena chitenje chopinda. Khungu louma pakani Vaseline.

Zakudya musakakamize. Ine ndinkalira nayo mbale ya nsima kumati adye ndithu, kumeneko kunali kuwazunza. Pang'onopang'ono koma kangapo patsiku: phala la nsinjiro, Likuni Phala, thobwa, nthochi yokanya, mazira. Amene ali ndi khansa ya kummero, yomwe kuno kwathu ndiyofala, chakudya chikhale chamadzimadzi, adye atakhala tsonga ndipo asagone pompopompo akatha. M'kamwa muzitsukamo ndi madzi a mchere akatha kudya, mukaona zoyerayera pa lilime pali mankhwala ake otchedwa nystatin.

Tsono izi musagone nazo, ngakhale pakati pa usiku pezani galimoto kapena njinga, kuchipatala msanga. Munthu amene akulandira kemo (mankhwala olimbana ndi khansa) akatentha thupi kufika madigiri 38 kapena akamanjenjemera, makamaka sabata yachiwiri atalandira, chitetezo chake chimakhala chatsikiratu ndipo Panado amangobisa vuto. Chimodzimodzi msana ukayamba kuwawa mwachilendo miyendo nkumafooka kapena mkodzo kukanika kutuluka, kusanza kosalekeza, kubanika, kapena kusokonekera mutu mwadzidzidzi. Amene ali pa ma ARV, monga ambiri odwala khansa ya pakhungu ya Kaposi, asasiye kumwa.

Pomaliza musadzitsekere nokha. Alipo malo othandiza odwala matenda ngati amenewa: ku Queens ku Blantyre kuli Tiyanjane, ana amathandizidwa ku Umodzi, ku Salima kuli Ndi Moyo, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi komwe kuli chipatala chachikulu cha khansa, ndipo pa chipatala cha boma chakwanuko funsani za palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a odwala matenda aakulu. Mofini kakatengeni botolo lisanathe, kukatsala ka masiku 3 nyamukani ndi buku lija. Gawanani mausiku pabanja, ife tinalemba mayina pa kalendala ya kukhoma, Lachiwiri ndi Lachisanu kunali kwa achimwene kuti ine ndigoneko.