Kusankha mapadi a mabuleki oyenera pamsewu ndi pabwalo la mpikisano

Dalaivala amene akufuna kuti galimoto imodzi izimutumikira pamsewu masiku onse komanso izithamanga pabwalo la mpikisano nthawi ndi nthawi ayenera kudzifunsa funso limodzi asanapereke ndalama kwa wogulitsa: kodi mapadi amenewa adzagwira ntchito atatentha kufika pati? Dzina la kampani ndi mawu okopa olembedwa pa katoni zibwere pambuyo, chifukwa padi iliyonse imapangidwa kuti igwire bwino pa kutentha kwakutikwakuti, ndipo ikazizira kapena kutentha kupitirira pamenepo imasiya kumvera phazi.

Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Padi ikafinyidwa pa disiki, mphamvu yonse imene galimoto inali nayo imalowa m'zitsulo, ndipo mphamvuyo siikwera molingana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yoti ithetsedwe imawirikiza kanayi, motero kuimitsa galimoto imene ikuthamanga makilomita 200 pa ola kumatulutsa kutentha kochuluka kanayi poyerekeza ndi kuimitsa galimoto yomweyo pa makilomita 100. Pamsewu wamba madisiki kawirikawiri sapitirira madigiri 200 a Celsius, ndipo amapeza mpata wozizira musanapondenso. Pabwalo mpata umenewo kulibe, popeza mumaponda mwamphamvu musanalowe pa khona iliyonse yokhota kwambiri, ndipo madisiki akutsogolo amatha kufika madigiri 500 kapena 600, mwinanso kupitirira, mpaka kufiira ngati makala.

Mapadi amene magalimoto ambiri amabwera nawo kuchokera ku fakitale ndi osakaniza ulusi, labala ndi ufa wa zinthu zosiyanasiyana, zonse zomatidwa ndi utomoni wapadera. Ndi ofewa, salira, sawononga disiki ndipo amagwira msanga ngakhale m'mawa kukuzizira. Vuto lawo ndi utomoniwo: ukatentha mopitirira muyeso umayamba kupsa ndi kutulutsa mpweya, padi n'kumaterereka pa disiki m'malo mogwira. Mapadi otchedwa semi-metallic ali ndi chitsulo chambiri, ndipo amapirira kutentha kuposa oyambawo, koma amatulutsa fumbi lakuda ndipo amadya disiki mofulumirapo. Pa mapadi a ceramic m'pamene ambiri amasokonezeka. Dzinali limamveka ngati la mpikisano, koma ambiri mwa mapadi amenewa amapangidwira munthu wofuna marimu oyera ndi buleki yopanda phokoso pamsewu, osati wofuna kuthamanga kwa mphindi 20 osapumira. Musawasokonezenso ndi madisiki a carbon-ceramic a magalimoto okwera mtengo, amene amafuna mapadi akeake.

Musanagule, tengani padiyo m'manja ndi kuyang'ana m'mphepete kapena kumbuyo kwake. Pa mapadi ambiri, makamaka ogulitsidwa ku America, pamalembedwa zilembo ziwiri monga FF kapena GG, motsatira muyezo wa SAE J866. Chilembo choyamba chimasonyeza mmene padi imagwirira ikatentha pang'ono, ndipo chachiwiri mmene imagwirira ikatentha kwambiri. Kugwiraku kumayezedwa ndi nambala imene ikakula ndiye kuti padi ikugwira kwambiri: E amaimira kugwira kwa pakati pa 0.25 ndi 0.35, F pakati pa 0.35 ndi 0.45, G pakati pa 0.45 ndi 0.55, pamene H ndi kuposa 0.55. Padi yolembedwa FE ikukuuzani poyera kuti imafooka ikatentha. Komabe musadalire zilembozi mopitirira, chifukwa mayeso ake safika n'komwe madigiri 400, choncho sanena kanthu za zimene zidzachitike pabwalo. Chothandiza kwambiri ndi tchati cha wopanga chosonyeza kugwira kwa padi pa kutentha kosiyanasiyana, ndipo wopanga amene sakufuna kuonetsa tchati chotero ndi woyenera kumukayikira. Kwa amene amayendetsa m'mayiko otsatira malamulo a ku Ulaya palinso chizindikiro cha ECE R90, chimene chimatsimikiza kuti padi yolowa m'malo sikusiyana ndi ya ku fakitale kupitirira 15 peresenti pa kagwiridwe kake. Mapadi ambiri a mpikisano weniweni alibe chizindikirochi, kutanthauza kuti m'mayiko amenewo saloledwa pamsewu wa anthu onse, ndipo pakachitika ngozi angabweretse mkangano ndi kampani ya inshuwalansi.

Anthu ena amaganiza kuti akaika mapadi a mpikisano ndiye kuti ateteza galimoto kulikonse. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akhoza kubweretsa ngozi. Mapadi monga Hawk DTC-60 ndi DTC-70 anapangidwa kuti azigwira ntchito atatentha kwambiri, ndipo pamsewu safika pa kutentha kumeneko. Akakhala ozizira amapala disiki m'malo motsetsereka pa iyo mwadongosolo, amalira mokweza pa loboti iliyonse, ndipo fumbi lawo lachitsulo limamatirira pa marimu ndi pa penti, n'kuchita dzimbiri mvula ikagwa. Choipa kwambiri n'chakuti ena mwa mapadi a mtundu umenewu sagwira mokwanira pa kuponda koyamba, pomwe pamsewu kuponda koyambako n'kumene kumapulumutsa munthu wodutsa mwadzidzidzi.

Pakati pa mbali ziwirizi pali mapadi opangidwira ntchito zonse ziwiri, monga Ferodo DS2500, EBC Yellowstuff ndi Hawk HP Plus. Amagwira mokwanira akazizira ndipo amapirira kutentha kuposa a ku fakitale, ngakhale kuti mudzawamva akulira nthawi zina ndipo marimu adzada msanga. Langizo langa n'lakuti mapadi amenewa ndi okwanira kwa dalaivala amene akungoyamba kumene, amene galimoto yake ndi yopepuka, ili pa matayala a pamsewu, ndipo amapita kubwalo kangapo pachaka. Koma galimoto ikakhala yolemera ndi yamphamvu, kapena dalaivala akazolowera bwalo n'kuyamba kuponda buleki mochedwa ndi mwamphamvu, palibenso padi imodzi imene ingakwanitse zonse. Pamenepo gulani mapadi a mitundu iwiri, ena a pamsewu ndi ena a pabwalo, muzisintha tsiku la mpikisano lisanafike. Pa makalipa ambiri (zitsulo zimene zimasunga mapadi n'kuwafinyira pa disiki) ntchito imeneyi si yaitali kwa munthu amene ali ndi jeke ndi masipanala oyenera, ndipo ena amasunganso madisiki apadera a pabwalo kuti mitundu iwiri ya mapadi isamasinthane pa disiki imodzi.

Ndibwino kudziwiratu chimene mapadi atsopano sangakuchitireni. Ngati mukaponda mwamphamvu ABS (makina oletsa matayala kukhwekhwereka) imayamba kugunda pansi pa phazi, ndiye kuti mabuleki anu ali kale ndi mphamvu yoposa imene matayala angathe kuigwiritsa pa phula, ndipo padi yokwera mtengo sidzafupikitsa mtunda woimira pa kuponda kumodzi. Chimene imakupatsani n'chakuti kuponda kwa khumi kufanane ndi koyamba. Mukasintha matayala n'kuika ogwira kwambiri a mpikisano, dziwani kuti mwawonjezeranso kutentha kolowa m'mabuleki, ndipo padi imene inali yokwanira dzulo ikhoza kuchepa. Mabuleki akutsogolo ndi amene amasenza gawo lalikulu la ntchito, choncho musaike mapadi ogwira kwambiri kumbuyo kokha, chifukwa matayala akumbuyo akayamba kukhwekhwereka akutsogolo asanatero galimoto imatembenuka. Nthawi zonse sinthani mapadi a kumanja ndi a kumanzere pamodzi.

Padi yabwino ndi yopanda pake ngati mafuta a mabuleki awira. Mafutawa amagawidwa m'magulu otchedwa DOT: a DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, a DOT 4 madigiri 230, ndipo a DOT 5.1 madigiri 260, koma onsewa amayamwa chinyezi, kotero kuti muyezo wa DOT 4 onyowa ndi madigiri 155 okha. Mafuta opangidwira mpikisano amapitirira madigiri 300 akadali atsopano, ndipo wopita kubwalo ayenera kukhala ndi mafuta osakhalitsa m'galimoto. A DOT 5 ndi a mtundu wina, a silikoni, ndipo sasakanizidwa ndi enawo. Phunzirani kusiyanitsa ndi phazi lanu mavuto awiri, kutentha kwa mapadi ndi kuwira kwa mafuta, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Buleki ikakhala yolimba pansi pa phazi koma galimoto osaima, ndiponso mukumva fungo la chinthu chopsa, ndi mapadi amene atentha mopitirira mphamvu zawo. Ikakhala yofewa n'kumamira mpaka pansi, ndi mafuta amene awira, ndipo kugula mapadi ena sikudzathetsa kanthu.

Mapadi atsopano amafunika kuwazoloweretsa ndi disiki asanapatsidwe ntchito yaikulu, ndipo ambiri amadumpha gawo limeneli kenako n'kumadzudzula wopanga. Cholinga chake n'chakuti padi isiye kansalu kopyapyala ka zinthu zake pa nkhope yonse ya disiki mofanana. Wopanga aliyense ali ndi malangizo ake, ndipo amenewo ndi oyenera kutsatidwa, koma njira yodziwika ndi iyi: pa msewu wowongoka wopanda magalimoto ena, fikani pa makilomita pafupifupi 100 pa ola, pondani mwamphamvu koma osafika poyambitsa ABS, tsikani mpaka makilomita 15 kapena 20, kenako kwezaninso liwiro osaima, ndipo bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi. Mukatero yendani mphindi zingapo osaponda buleki kuti zitsulo zizizire. Musaime mutaponda buleki disiki ikadali yotentha, chifukwa padi imadinda chithunzi chake pamalo amodzi, ndipo pambuyo pake chiwongolero chimanjenjemera mukaponda. Ambiri amati disiki yapindika, pomwe nthawi zambiri ndi zinthu za padi zimene zaunjikana mosafanana. Mukasintha mtundu wa mapadi pa disiki yomweyo, ntchito yozoloweretsayi ichitikenso.

Pamsewu padi imatha kugwiritsidwa ntchito mpaka itatsala mamilimita atatu, koma pabwalo musalowe ndi padi imene yatha kupitirira theka, chifukwa padi yopyapyala imalowetsa kutentha kwambiri mu kalipa ndi m'mafuta, ndiponso imatha mofulumira kuposa mmene munthu angaganizire. Musanatuluke m'bwalo zungulirani kamodzi pang'onopang'ono kuti mphepo iziziritse madisiki. Mukafika poimika galimoto musakoke handibuleki. Isiyeni mu giya pamalo osatsetsereka kapena muike chotchinga pa tayala. Zitsulo zikazizira, yang'anani kukhuthala kwa padi yamkati ndi yakunja, popeza sizitha mofanana nthawi zonse, ndipo unikani nkhope ya disiki. Timing'alu ting'onoting'ono ta pamwamba timaoneka kawirikawiri pa disiki yogwira ntchito pabwalo, koma mng'alu umene wafika m'mphepete mwa disiki, kapena wolumikiza mabowo awiri pa disiki yoboola, ukutanthauza kuti disikiyo ichotsedwe galimoto isanalowenso m'bwalo.