Kusintha mapadi a mabuleki pakhomo kwa amene akuyamba kumene

Buleki ikamalira kuti tswiii mukangoponda, nthawi zambiri ndi kachitsulo kamene opanga anaika dala pa padi, kuti kazikhudza disiki padiyo ikatsala pang'ono kutha. Disiki ndi chitsulo chooneka ngati mbale chimene chimazungulira limodzi ndi tayala, ndipo mapadi ndiwo amaifinya kuti galimoto iime. Padi yatsopano imakhala yokhuthala mamilimita pafupifupi 10, ndipo ikafika pa 3 muyenera kusintha. Mukamva chitsulo chikukukuta chinzake ndiye kuti mwachedwa, disiki yayamba kudyeka.

Woyamba kumene agwire mapadi a kutsogolo okha. Galimoto zing'onozing'ono zambiri, monga Toyota Vitz ndi Probox, kumbuyo zili ndi mabuleki a mtundu wina, a madilamu m'malo mwa madisiki, ndipo m'kati mwake muli tima sipuling'i tosokoneza. Kumeneko, komanso ntchito yochotsa mpweya m'mapaipi, musiyireni makaniko mpaka manja atazolowera. Pogula mapadi, pitani ndi nambala ya chasisi, chifukwa dzina la galimoto lokha silikwanira. Mugule a mbali zonse ziwiri. Kusintha mbali imodzi kumachititsa galimoto kukokera kumbali mukaponda buleki.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi olimba, kokani handibuleki, ndipo mupinge matayala akumbuyo. Manati a tayala muwamasule pang'ono tayala likadali pansi, kenako mukweze. Apa ndi pamene ndimaumirira kwambiri: jeke ntchito yake ndi kukweza basi. Galimoto ikhale pa sitandi yachitsulo. Njerwa ayi, ngakhale zootcha bwino, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Tayala mwachotsalo muligoneke pansi pa galimoto kuti likhale chitetezo chachiwiri.

Musanamasule kanthu, jambulani ndi foni mmene zinthu zakhalira, ndipo malizani mbali imodzi musanayambe inayo, kuti mukasokonezeka mukhale ndi poonera. Kalipa, chitsulo chimene chimakuta mapadi ndi kuwapanikiza pa disiki, imagwidwa ndi mabawuti awiri kuseri kwake. Pa Toyota zambiri sipanala yake ndi 14. Mukavula kalipayo, musailekerere kulendewera pa paipi ya rabala ya mafuta a mabuleki. Paipiyo imatha kuwonongeka m'kati kunja ikuoneka bwinobwino. Imangirireni ndi waya ku sipuling'i. Fumbi lakudalo musaliuzire ndi pakamwa, pukutani ndi nsalu yonyowa kapena mankhwala otsukira mabuleki.

Yang'anani disiki. Pa iyo pamalembedwa MIN TH ndi nambala, ndiwo malire a kuonda kwake. Ngati yaonda kuposa pamenepo, iyenera kusinthidwa, ndipo ngati ili ndi mizere yakuya yoti chikhadabo nkukodwamo, mapadi atsopano atha msanga.

Tsopano pisitoni, kachitsulo ka m'kalipa kamene kamakankha mapadi, iyenera kubwerera m'kati kuti mapadi okhuthalawo alowe. Tsegulani chivindikiro cha kabotolo ka mafuta a mabuleki mu boneti, ikani padi yakale pa pisitoni, ndipo mupanikize pang'onopang'ono ndi G-clamp, chida chopanikizira chooneka ngati chilembo cha G. Mafuta amabwerera m'kabotolo, choncho muzisuzumira kuti asasefukire, poti amadya penti. Mukafuna kuonjezera, mtundu wake walembedwa pachivindikiro pomwepo, DOT 3 kapena DOT 4.

Pali timapini tiwiri timene kalipa imatsetserekapo, ndipo ambiri amatidumpha. Tisoloreni, tipukuteni, tipakeni girizi wa mabuleki. Girizi wamba amatupitsa rabala, pini nkuuma, ndiye padi imodzi imatha inzake ikadali yatsopano. Mukapeza mapadi akale atatha mosiyana choncho, vuto lili pamenepo. Girizi asakhudze nkhope ya padi kapena disiki ngakhale pang'ono. Ikani mapadi atsopano, bwezerani zonse monga pachithunzi, tsitsani galimoto, ndipo manati a tayala mumange modumphitsa, osati motsatizana. Ngati mwabwereka sipanala yoyeza mphamvu, Toyota zing'onozing'ono zambiri zimafuna kuti manati a tayala amangidwe pa 103 Nm, muyeso umene umalembedwa pa sipanalayo.

Chotsatirachi ndicho chimagwetsa anthu m'ngozi. Pisitoni munaikankhira m'kati ija sinafike pa mapadi, kotero kuponda koyamba phazi limangopita mpaka pansi, buleki osagwira. Musanalize injini, pondani buleki kangapo mpaka italimba pansi pa phazi. Kenako onaninso mafuta m'kabotolo ndi kutseka. Ikakhalabe yofewa, kapena ikamamira pang'onopang'ono mutaipondereza, galimotoyo isatuluke pageti, itanani makaniko abwere pomwepo.

Ikalimba, yesani kaye pabwalo pa liwiro la munthu woyenda pansi. Mukatero pitani pamsewu wopanda anthu, muthamange mpaka makilomita 50 pa ola, muchepetse liwiro modekha osaima kwenikweni, ndipo mubwereze kangapo kuti mapadi akhazikike pa disiki. Masiku oyambirira pewani kuponda mwamphamvu popanda chifukwa, ndipo mukayenda makilomita ngati 50 muyesenso manati a matayala ndi sipanala.