Kusoka nkhani ya nkhondo pa chiguduli

Achemwali anga anagwira usilikali zaka 11. Atabwerako komwe anawatumiza komaliza, pakamwa panatsekeka. Mukawafunsa za kumeneko ankangoti, "Kunali bwinobwino," n'kunyamuka kukasesa pomwe pasesedwa kale. Ine ntchito yanga ndi ya singano, ndiye tsiku lina ndinangowaikira pamiyendo chiguduli ndi thumba la zigamba. Nzeru imeneyi si yanga ayi. Ndinaitenga kwa azimayi a ku Chile, ndipo ndikuuzani mmene amasokera, kuphatikizapo pomwe ine ndinalakwitsa.

Pa 11 September 1973 asilikali, motsogozedwa ndi Augusto Pinochet, analanda boma la Chile. Anthu ambiri anatengedwa m'nyumba zawo osaonekanso. Amayi awo, akazi awo ndi alongo awo ankakumana motetezedwa ndi Mpingo wa Katolika, makamaka bungwe la Vicaría de la Solidaridad lomwe Kadinala Raúl Silva Henríquez anakhazikitsa ku Santiago mu 1976. Kumeneko ankasoka zomwe maso awo anaona: galimoto ya asilikali pakhomo, mzere wa azimayi pachipata cha ndende, mpando wopanda munthu patebulo, ndi funso lopetedwa ndi ulusi loti "Ali kuti?" Nsaluzo amazitcha arpillera, mawu omwe m'Chisipanishi amangotanthauza chiguduli. Zinkatumizidwa kunja mwakachetechete, ndalama zake n'kumalerera ana, ndipo anthu a m'mayiko ena anadziwira pomwepo zomwe zinkachitika.

Yambani ndi chigudulicho. Chichapeni, chiume, muchisite, kenako dulani chidutswa cha masentimita 50 mulitali ndi 40 mulifupi. Musatengeke ndi kukula, nsalu yaikulu imaopseza munthu amene ali ndi mantha kale. Chiguduli chimayoyoka m'mbali, choncho musanaikepo kanthu pindani m'mphepete monse n'kudutsitsa ulusi. Zina zofunika n'zochepa: singano yaikulu yolowa ulusi wolukira, ina yaing'ono, sizasi, mapini ndi thonje pang'ono. Zigamba zofiira ndi zakuda zichapeni pazokha, zina zimasuluka n'kudetsa zinzake. Makina osokera asiyeni, apa ndi pa manja.

Ntchito yaikulu ili posankha choti musoke. Munthu amene waona nkhondo amafuna aikemo zonse, ndipo akaona kuti sizikwana amangosiya. Zoona, alipo amene anasoka ulendo wonse. Azimayi a mtundu wa Hmong, atathawa ku Laos kuyambira mu 1975 n'kukakhala m'misasa ya ku Thailand monga wa Ban Vinai, ankapeta nsalu zikuluzikulu zosonyeza ndege zikuponya mabomba, midzi ikupsa, anthu akuwoloka mtsinje wa Mekong. Koma iwowo anakulira pa singano. Inu sankhani kanthawi kamodzi kokha. Ine ndinafunsa kuti, "Achemwali, mukatsinzina, chimayamba kubwera n'chiyani?" Ndinkayembekezera mfuti kapena mitembo. Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti sanamve, kenako anati masokosi. Masokosi awo atayanikidwa pa waya kuseri kwa tenti, ndipo kutsidya kwa wayayo mayi wa m'dziko lomwelo ataima, mwana kumbuyo, chigubu chopanda madzi m'manja, akungowayang'ana. Lamulo silinkalola kupatsira munthu kanthu pa waya. Tinasoka chimenecho, ndipo pansalu yonseyo palibe mfuti ngakhale imodzi. Mwini nkhani akatchula chinthu chooneka chopepuka chotero, musamukankhire ku zipolopolo poganiza kuti nkhondo yeniyeni ndi imeneyo. Zambiri zomwe azimayi amabwera nazo kuchokera kunkhondo zimachitikira pochapa, podikira, pomanga bala, pobisa mwana.

Mukagwirizana, jambulani papepala mwachisawawa, kungoti mudziwe chiti chikhala pati. Posoka yambani ndi zakutali: thambo, kenako mapiri kapena mitengo, kenako nthaka, zapafupi pamapeto, chilichonse chikusanjikizana ndi chinzake. A ku Chile ankakonda kuika mapiri a Andes ndi dzuwa pamwamba, ngakhale pansi pake pali zoopsa. Achemwali dzuwa analikana, thambo lawo ndi nsalu yotuwa ya pilo wakale. Zigambazo zigwireni ndi mapini kaye, muime chapatali muone. Mukakhutira, sokani m'mphepete mwa chigamba chilichonse ndi ulusi wooneka bwino. Msoko musaubise, ndi umene umachititsa kuti chinthu chilichonse chioneke pachokha.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Misoko ya achemwali inali yokhotakhota, pena yothina mpaka nsalu kuchita makwinya. Usiku wina iwo atagona ndinamasula tenti yonse n'kuisokanso mowongoka, ndikudziona ngati ndathandiza. M'mawa anangoyang'ana kamodzi, n'kupinda chigudulicho, n'kuchiika pansi pa bedi. Chinakhala kumeneko milungu itatu. Kuti tiyambirenso ndinachita kupepesa, n'kumasula misoko yanga iwo akuona. Ngati mukuthandiza munthu, inu zanu ndi kulowetsa ulusi pa singano, kudula ndi kugwira nsalu. Wobaya ndi mwini wake.

Nsalu yomwe munthu anavalapo imaposa yogula. Azimayi ena a ku Chile ankadula kachidutswa ka shati kapena thalauza la wosowayo n'kuveka kachidole komuimira. Koma pemphani musanadule, ndipo dulani kumpendero wam'kati kapena kuseri kwa thumba, kuti chovalacho chisawonongeke. Pa yunifolomu ndi mabaji samalani, magulu ankhondo ali ndi malamulo awo pa katundu ameneyu, ndiye yambani mwafunsa. Ife tinadula sokosi lenileni lomwe linatsala lokha, ndipo chingwe cha jombo ndi chomwe chinasanduka waya uja.

Anthu amapangidwa padera ngati tizidole. Dulani kansalu kozungulira, ikanimo thonje lokwana pansonga ya chala, mangani ndi ulusi pakhosi, mutu watha. Manja ndi miyendo ndi ulusi wolukira wopota kapena kansalu kokulunga. Vekani zovala, ikani tsitsi la ulusi wakuda, kenako sokererani pa chiguduli kumsana kokha, manja atsale omasuka kuti agwire chigubu kapena chithunzi. Maso ndi timfundo tiwiri. Mayi wa chigubu uja achemwali sanamuike pakamwa. Ulendo uno ndinangoona, n'kumeza mawu.

Tsopano za mayina. Singapore itagwa m'manja mwa asilikali a Japan mu February 1942, azimayi ambiri anatsekeredwa m'ndende ya Changi, motalikirana ndi amuna awo. Mayi wina wa ku Canada, Ethel Mulvany, analimbikitsa anzake kuti aliyense apete kansalu kake n'kulembapo dzina. Analumikiza zofunda zitatu, chilichonse cha tinsalu 66, n'kunena kuti ndi mphatso za asilikali ovulala. Chimodzi anachikonzera a ku Japan omwe, kuti zinazo ziloledwe kutuluka. Amuna omwe anali akaidi anawerenga mayina aja n'kudziwa kuti akazi awo ali moyo. Dzina lolembedwa pansalu limafika kutali chomwecho, ndiye lingalirani bwino. Lanu lembani. La munthu wamoyo yemwe sanavomere, kapena la malo omwe angaike wina m'mavuto, lisiyeni. Zomwe simukufuna kuti aliyense aziwerenga zili ndi malo ake: kumbuyo kwa arpillera zambiri kuli kathumba momwe wosoka ankapisamo kapepala kofotokoza nkhaniyo. Nanunso sokani kotere.

Musathamange nayo. Käthe Kollwitz, mayi wojambula ndi wosema ziboliboli wa ku Germany, mwana wake Peter ataphedwa pankhondo mu October 1914 ali ndi zaka 18, anayamba kukonza chomukumbukira, n'kusiya, n'kuyambiranso, mpaka chinatha mu 1932. Ndi ziboliboli ziwiri zamwala, bambo ndi mayi atagwada, ndipo lero zili pamanda a asilikali ku Vladslo m'dziko la Belgium. Ife ola limodzi patsiku linkakwana, masiku ena mphindi 10 zokha. Mukaona manja akunjenjemera, kapena munthu wasiya kukumvani, pindani nsalu mutuluke panja mukapitidwe mphepo. Ndipo singano si dokotala. Ngati tulo tasowa, maloto oipa akuchuluka kapena mowa wayamba kukula, pitani naye kwa aphungu odziwa za matenda a maganizo.

Pomaliza lukirani m'mbali monse ndi ulusi wa mtundu umodzi, monga timachitira m'mphepete mwa bulangete la mwana. Wofiira kapena wakuda umaoneka bwino pa chiguduli. Sokererani tizingwe tiwiri pamwamba topachikira, koma kopachika asankhe mwini. Ine ndinkafuna pabalaza pomwe alendo angaone, achemwali anati kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo. Kapepala ka m'kathumba analemba okha, n'kutseka pakamwa pa kathumbako ndi misoko yawo yokhota ija. Sabata yatha andifunsa ngati chiguduli china chilipo. Akuti akufuna asoke galimoto.