Momwe mungapangire timibulu ta chitowe ta chikondwerero cha Makar Sankranti

Pa 14 Januwale, zaka zina pa 15, Ahindu a ku India amakondwerera Makar Sankranti, tsiku limene dzuwa limalowa m'gulu la nyenyezi lotchedwa Makara, nyengo yozizira ya kumeneko ili pafupi kutha ndipo mbewu zikulowa m'nyumba. Chigawo chilichonse chili ndi mwambo wake. Ku Punjab amasonkha moto wa Lohri usiku wa pa 13 n'kumaponyamo mtedza ndi mbuliwuli, ku Tamil Nadu amaphika mpunga ndi mkaka mumphika wadothi mpaka zitasefukira, pomwe ku Gujarat, kwawo kwa makolo a Amwenye ambiri a ku Limbe, anthu amakwera pamadenga kukaulutsa makaiti. Ku Maharashtra amapatsana tilgul, timibulu ta chitowe ndi gur, amene ndi shuga wa nzimbe wosayenga, ndipo wopereka amauza wolandira kuti adye ndi kumalankhula zokoma. Timibulu timeneti n'timene ndinaphunzira kupanga.

Mufunika makapu 2 a chitowe choyera, kapu imodzi ndi theka ya gur wodula tizidutswa ting'onoting'ono, theka la kapu ya mtedza wokazinga ndi kusinja, supuni imodzi ya ghee, amene ndi mafuta oyengedwa kuchokera ku batala, ndi elaichi (cardamom pa Chingerezi) wopera pang'ono wonunkhiritsa. Gur amapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za Amwenye, ndipo mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi shuga wamba. Musankhe wofewa, wofiirira. Chitowe cha pamsika n'chotsika mtengo, koma ogulitsa ena amachisiyira mchenga kuti chilemere, choncho muchipete pa lichero kawiri musanakhulupirire mawu a wogulitsa.

Kazingani chitowe m'chiwaya chouma pamoto wochepa, mukutakasa osalekeza, mpaka chiyambe kuthetheka ndi kununkhira. Chikangoderapo chimawawa, choncho chiphuleni msanga ndi kuchikhuthulira m'mbale.

Tsopano pafika pamene ine ndinalakwitsa. Sungunulani gur pamodzi ndi ghee ndi masupuni 2 a madzi, moto uli wochepabe, ndipo pambali muike kapu ya madzi ozizira. Gur akayamba kuchita thovu, donthetsani pang'ono m'madziwo ndi kugwira ndi zala. Dontholo likamwazika m'madzi, ndiye kuti sanapse, ndipo timibulu tidzaphwasuka. Likaumbika ngati phula lofewa, imeneyo ndiyo nthawi yake, phulani pompo. Tsiku langa loyamba ndinkaphika pa mbaula ya makala, ndipo nditaona kuti dontho laumbika, ndinaganiza zowonjezera kamphindi kuti zigwirane bwino. Ndinaiwala kuti makala sazimitsika ngati sitovu, komanso kuti chiwaya chokhuthala chimapitiriza kuphika ngakhale chitachoka pamoto. Zimene zinatuluka zinali zolimba ngati miyala ya gulaye, moti tinachita kuziswa mumtondo n'kumathira m'phala. Kuyambira pamenepo ndimayesa dontho pafupipafupi thovu likangoyamba, ndipo ndimakhala nditakonzeratu malo oikapo chiwaya. Ena amadumpha zonsezi pogwiritsa ntchito shuga woyera, koma zimenezo zimatuluka zouma ngati galasi ndipo fungo la nzimbe silimveka, choncho sindikulimbikitsani njira imeneyo.

Mukaphula, thirani chitowe, mtedza ndi elaichi nthawi imodzi, ndipo musakanize mwachangu ndi mthiko. Pakani ghee m'manja ndi kuyamba kuumba timibulu tikadali totentha momwe manja angapirire, chifukwa zikazizira siziumbikanso. Zikayamba kuuma musanamalize, bwezerani chiwaya pamoto kanthawi kochepa.

Tikazizira, tisungeni m'botolo lotseka bwino. Ku India chikondwererochi chimagwa m'nyengo youma, koma kuno Januwale ndi pakati pa dzinja, ndipo timibulu tosiyidwa pambale timayamwa chinyezi n'kuyamba kumata pofika m'mawa.