Zoyenera kuchita apolisi akakumenyani kapena akavulaza m'bale wanu mu Lilongwe

Lamulo limalola wapolisi kugwiritsa ntchito mphamvu, koma yongokwanira kugwira munthu amene akukana kumangidwa, akuthawa kapena akuopseza moyo wa ena. Munthu akagonja, akamangidwa unyolo kapena akalowa m'chitokosi, mbama iliyonse ndi chibonga chilichonse chomwe chamugwera ndi mlandu. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kuzunza munthu, ndipo silipatula woganiziridwa kuba foni mumsika wa Tsoka, wakabaza wopanda laisensi kapena venda wa mumsewu wa Malangalanga.

Ambiri akamenyedwa amangoti "boma sungalimbane nalo", nkupita kunyumba kukathowa mabala ndi madzi otentha. Mantha amenewa ndi omveka. Komabe amayi 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, omwe anachitidwa nkhanza ndi kugwiriridwa ndi apolisi mu Okutobala 2019, anapita kukhoti mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association, ndipo mu 2020 khoti lalikulu linalamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Akuluakulu amati mlandu suola. Nzoona, koma umboni umaola: bala limapola, mboni imasamuka, vidiyo imafufutidwa. Nkhani yotere imapindulidwa kapena kutayika m'masiku oyambirira.

1. Pamalo pomwepo, pulumutsani moyo kaye

Musabwezere, musathawe, musagwire yunifolomu kapena mfuti ya wapolisi, ngakhale mukudziwa kuti simunalakwe. Kutero kumawapatsa chonamizira, ndipo mawa lake mlandu umatembenuka nkukhala wanu womenya wapolisi. Ikani manja poonekera ndipo funsani modekha kuti, "Bwana, mukundimangiranji?" Ali ndi udindo wokuuzani chifukwa chake m'chinenero chomwe mumamva.

Maso anu agwire ntchito. Onani dzina kapena nambala ya pa yunifolomu, nambala ya galimoto (zapolisi zimayamba ndi MP), kuchuluka kwawo, nthawi ndi malo enieni. Ngati ndinu woonerera, imani patali osatchinga njira, jambulani ngati nkotheka, ndipo tumizani vidiyoyo pa WhatsApp kwa munthu amene sali pamalopo nthawi yomweyo. Foni ikhoza kulandidwa, koma zomwe zatumizidwa kale sizilandidwa.

2. Mukatengeredwa kupolisi

Gawo 42 la malamulo aakulu ndilo chishango chanu. Muli ndi ufulu wokhala chete, wolankhula ndi loya, woonedwa ndi achibale komanso wolandira chithandizo cha mankhwala. Apolisi akuyenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti latsegula ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamulungu kapena pa holide. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wokuuzani kuti "pangani kangachepe mutuluke" akupempha ziphuphu, ndipo mukapereka mwadzimanga nokha pakamwa.

Samalani kwambiri ndi sitetimenti. Musasainire kapena kudinda chala papepala lomwe simunawerenge kapena kuwerengeredwa m'Chichewa. Malamulo aakulu amaletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu, koma pepala likasainidwa limakutsatirani mpaka kukhoti, ndipo kulikana pambuyo pake ndi chintchito. Ngati mwasaina chifukwa chomenyedwa, tsiku loyamba kuonekera pamaso pa majisitireti nenani zimenezo poyera, onetsani mabala, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'kaundula wa khoti ndi kuti mutumizidwe kuchipatala. Anthu ambiri amaopa kulankhula chifukwa wapolisi amene anawamenya waima pambali pawo. Koma mpata umenewu ndi wamtengo wapatali, pakuti zolembedwa ndi khoti palibe angazing'ambe.

Achibale, musachedwe. Pitani anthu awiri kapena atatu, funsani ngati dzina la m'bale wanu lalembedwa m'buku la pakauntala lomwe apolisi amalitcha OB, ndipo limbikirani kumuona ndi maso, osangosiya chakudya nkubwerera. Munthu amene abale ake akubwera m'mawa ndi madzulo sakhudzidwa mwachisawawa ngati amene palibe akumufunsa. Ngati womangidwayo ndi mwana wosafika zaka 18, makolo ayenera kudziwitsidwa ndipo asatsekeredwe limodzi ndi akuluakulu. Mayi asechedwe ndi wapolisi wamkazi.

Apa ndionjezepo za anthu otoledwa usiku pa zomwe amati "vakabu". Mu 2017 khoti lalikulu, pa mlandu wa venda wa ku Blantyre Mayeso Gwanda, linathetsa gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu lomwe apolisi ankamangira anthu pongowapeza akuyenda. Kuyenda usiku kuchokera kuntchito kupita kwanu ku Mtandire kapena ku Chinsapo si mlandu.

3. Chipatala, tsiku lomwelo

Apa ndi pomwe milandu yambiri imafera. Munthu amamwa panado, amagona masiku angapo, ndipo pofika kuchipatala zotupa zaphwa. Pitani tsiku lomwe mwamenyedwa kapena lomwe mwatulutsidwa: ku Kamuzu Central, ku Bwaila kapena chipatala chaching'ono cha kwanuko monga cha ku Kawale, Area 18 kapena Area 25. Ngati mwavulala kwambiri musayambe kuthamangira kalata ya kupolisi, yambani mwalandira chithandizo.

Muuzeni dokotala chilungamo. Musati "ndinagwa panjinga" chifukwa cha manyazi kapena mantha, pakuti mawu amenewo akalowa m'buku lanu lachipatala adzagwiritsidwa ntchito kukutsutsani. Nenani kuti mwamenyedwa ndi apolisi, ndi chiyani, pati, liti. Pemphani kuti bala lililonse lilembedwe, ngakhale la kumapazi kapena mikwingwirima ya unyolo m'mikono, ndipo onetsetsani kuti pali deti, dzina la wokuonaniyo ndi chidindo. Ngati khutu silikumva bwino, mukukodza magazi kapena mukupuma movutika, nenani, chifukwa kuvulala kwa m'kati sikuoneka ndi maso.

Pa mlandu pamafunikanso lipoti la dokotala, ndipo fomu yake imachokera kupolisi. Simukakamizidwa kukaitenga pa siteshoni pomwe munamenyedwera. Pitani pa siteshoni ina, mutaperekezedwa. Akakukanizani, lembani dzina la wokanayo ndi nthawi, pakuti kukana kumeneko ndi mbali ya dandaulo lanu.

Jambulani mabala pamalo owala, chithunzi china chionetse nkhope yanu pamodzi ndi balalo, ndipo bwerezani mawa ndi mkuja chifukwa mikwingwirima imaoneka bwino pakapita tsiku. Zovala zong'ambika kapena zamagazi musachape. Zisungeni zouma mu envulopu kapena m'katoni, osati m'jumbo momwe zingachite nkhungu. Malisiti a mankhwala ndi a thiransipoti asungeninso.

Ngati nkhanzayo ndi yogwirira, nthawi ndi yochepa kwambiri. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo alipo enanso oteteza mimba. Ngati mungathe, pitani musanasambe. Ku Kamuzu Central kuli malo a One Stop Centre komwe wochitidwa nkhanza amalandira chithandizo ndi uphungu pamalo amodzi. Mlandu ndi wa wogwirirayo, si wanu, ndipo abale amene amauza mayi kuti abise poopa kuti banja litha akumupweteka kachiwiri.

4. Lembani zonse mutu usanaiwale

Tengani kope, lembani zomwe zinachitika motsatana, mawu omwe ananenedwa, katundu ndi ndalama zomwe zinalandidwa. Ngati kulemba kukuvuta, jambulani mawu anu pafoni. Musakokomeze: ngati anakumenyani awiri, musati asanu, pakuti bodza limodzi limagwetsa zoona zonse. Tengani maina ndi manambala a mboni, kuphatikizapo omwe munali nawo m'chitokosi. Pangani mafotokope a pepala lililonse ndipo ena mukasungitse kwa munthu wina.

Vidiyo musathamangire kuiponya pa Facebook muli ndi mkwiyo. Nthawi zina kufalitsa kumathandiza kuti akuluakulu agwedezeke, koma kumaikanso mboni pa ngozi nkhope zawo zikaonekera. Yambani mwaonetsa loya kapena ofufuza.

5. Kokadandaula

Khomo loyamba ndi bungwe la Independent Complaints Commission, lomwe ambiri amangoti ICC. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010, ngakhale linatenga zaka pafupifupi 10 lisanayambe ntchito. Si nthambi ya polisi. Ntchito yake ndi kulandira madandaulo okhudza apolisi ndi kufufuza imfa kapena kuvulala kwa munthu chifukwa cha zochita za apolisi kapena ali m'manja mwawo. Kudandaula nkwaulere, ndipo m'bale akhoza kudandaula m'malo mwa wovulalayo.

Pitaninso ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, lomwe likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno. Ndi iwo amene anafufuza ndi kutulutsa malipoti pa nkhani ya ku Msundwe komanso ya imfa ya Buleya Lule, bambo amene anafera m'manja mwa apolisi mu 2019. Mukhozanso kulembera kalata mkulu wa siteshoni kapena likulu la polisi ku Area 30. Ine ndimalangiza kuti njira imeneyi ikhale yowonjezera chabe, osati yokhayo, chifukwa kumeneko wofufuza ndi wofufuzidwa amavala yunifolomu imodzi.

Kulikonse komwe mwapita, perekani dandaulo lolemba, siyani mafotokope osati mapepala enieni, ndipo kope lanu alidinde kusonyeza tsiku lomwe alandira. Funsani dzina la amene akuyendetsa nkhani yanu. Kenako muzipitako kapena kuimba pafupipafupi. Maofesiwa ali ndi antchito ochepa, ndipo fayilo yomwe mwini wake wangokhala chete imatsikira pansi pa mulu.

6. Loya ndi chipukuta misozi

Kulangidwa kwa wapolisi ndi nkhani ina, kulipidwa kwa inu ndi inanso. Mukhoza kusumira boma chifukwa chomenyedwa kapena kutsekeredwa popanda chifukwa. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Mabungwe monga la ufulu wa anthu la Centre for Human Rights and Rehabilitation (CHRR) ndi la Women Lawyers Association nawonso akhoza kukulozerani njira. Musazengereze, chifukwa lamulo limaika malire a nthawi yosumira, ndipo loya amayenera kuyamba wapereka chidziwitso kwa Attorney General, yemwe ndi mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, mlandu usanalowe m'khoti. Konzekani kudikira, pakuti ngakhale khoti litagamula, boma limachedwa kulipira.

M'kati mwa ulendowu mukhoza kuona anthu akubwera kunyumba madzulo ndi kandalama, akuti "tingokambirana pachibale, munthuyu ntchito ingamuthere". Ena amabwera ndi ziopsezo. Musasainire chilichonse chothetsa nkhani loya wanu asanaone. Lembani tsiku, amene anabwera ndi zomwe ananena, sungani mauthenga a pafoni, ndipo kanenezeni ku ICC kapena ku Human Rights Commission. Wapolisi amene wagula chete wanu lero mawa akamenya mwana wa mnansi wanu.

7. Munthu akafera m'manja mwa apolisi

Pamaliro mitima imakhala yosweka, ndipo wina akabwera ndi bokosi ndi galimoto yonyamula thupi, banja limangovomera kuti mwambo uchitike msanga. Chonde, dikirani. Musaike maliro thupi lisanapimidwe ndi dokotala wodziwa kufufuza chomwe chapha munthu. Dziwitsani ICC ndi Human Rights Commission tsiku lomwelo, pemphani kuti wachibale kapena dokotala wosankhidwa ndi banja akhalepo popima, ndipo onani thupilo ndi kulijambula lisanasambitsidwe. Musalole kuti alithire mankhwala oumitsa kupimako kusanachitike.

Buleya Lule anamwalira ali m'manja mwa apolisi kuno ku Lilongwe mu Febuluwale 2019, akuganiziridwa pa mlandu woba mnyamata wachialubino wa ku Dedza. Dokotala Charles Dzamalala atapima thupi lake anapeza kuti anazunzidwa ndipo anaphedwa ndi magetsi. Zotsatira zimenezo ndizo zinatsegula njira yoti apolisi angapo amangidwe mu 2020 ndi kuzengedwa mlandu wakupha. Banja lililonse loferedwa motere lipemphe kope la lipoti la kupimako, ndipo likaperekedwe kwa loya pamodzi ndi maina a onse amene anali m'chitokosi usiku umenewo.