Kukulitsa partition ya root pa Ubuntu osazimitsa makina

Mwawonjezera disiki ya seva yanu kuchoka pa 20 GB kufika pa 40 GB, koma `df -h /` ikukuuzanibe kuti malo atha. Musadabwe. Disiki yakuladi, koma partition (chigawo cha disiki) ndi filesystem (dongosolo losungira mafayilo) ya mkati mwake zikadali pamalire akale, ngati munthu wogula munda wa mnansi osasuntha mpanda.

Koperani kaye mafayilo ofunika kwina. Kenako lembani `lsblk -f`. Ine sindikhudza disiki ndisanaone zimene lamuloli latulutsa, chifukwa ndilo limasonyeza partition imene root (`/`, tsinde la mafoda onse) ilipo, komanso ngati ndi ext4, XFS (mitundu ya filesystem) kapena LVM (njira yosonkhanitsa malo a disiki n'kumawagawa mosinthika).

Tinene kuti root ili pa /dev/sda2, ndi ext4, ndipo malo opanda kanthu agundizana nayo kumapeto kwake:

`sudo growpart /dev/sda 2`
`sudo resize2fs /dev/sda2`

Mpata uli pakati pa sda ndi 2 musautseke, growpart imafuna dzina la disiki palokha, nambala payokha. Ngati growpart mulibe, ikani cloud-guest-utils. Pa XFS lamulo lachiwirilo likhala `sudo xfs_growfs /`.

Pa Ubuntu Server ambiri mupeza LVM, ndipo apa mpamene anthu amasokonekera. Yambani ndi `sudo vgs`, muone pa VFree, pamene pamasonyeza malo amene sanagawidwe. Nthawi zambiri installer imapatsa root gawo chabe la disiki, malo ena n'kungokhala osagwira ntchito. Ngati alipo, mwa malamulo atatu ali m'munsiwa lachitatu lokha likwanira. Apo ayi, tsatani onse, motsatana momwemu (tinene kuti LVM ili pa /dev/sda3):

`sudo growpart /dev/sda 3`
`sudo pvresize /dev/sda3`
`sudo lvextend -r -l +100%FREE /dev/ubuntu-vg/ubuntu-lv`

Kachilembo ka `-r` ndiko kamakulitsa filesystem nthawi yomweyo. Mukakaiwala, `df` idzaonetsabe kukula kwakale.

Kuchepetsa ndi nkhani ina. XFS ingoiwalani, sichepetseka. Ext4 imatheka, koma osati ili mounted (yolumikizidwa n'kumagwira ntchito), choncho muyatse kompyuta kuchokera pa flash ya GParted Live, pulogalamu yokonzera ma partition. Chimodzimodzi ngati swap (partition yothandizira RAM) yatsekereza pakati pa root ndi malo opanda kanthu. Swapyo ndi bwino kuifufuta n'kuipanganso kumapeto, mukonzenso UUID yake (nambala yoizindikirira) mu fayilo ya /etc/fstab. Kusuntha poyambira pa root ine sindikulimbikitsa: kumatenga nthawi yaitali, ndipo magetsi akazima ntchito ili pakati, mafayilo aonongeka. Ngati palibe kuchitira mwina, batire la laputopu likhale lodzaza kapena pakhale UPS (batire losunga kompyuta yoyaka magetsi akazima).