Chipolopolo mwasintha, nanga muyezo wa wonga mwausiyiranji pomwepo?

Mu Seputembala, pa nyengo yosaka elk (nyama yaikulu ya mtundu wa gwape) ndi mfuti za gogodera ku Colorado, m'dziko la America, cholakwika chimodzi chimaonekera pa mabwalo oyesera mfuti. Mlenje wagula zipolopolo zolemera zamtovu, za ma grain 385 kapena 460 (grain ndi kamuyezo kakang'ono ka kulemera), wagulanso botolo la Triple Seven, wonga wolowa m'malo mwa wakuda, koma kachubu kake koyezera wonga kakadali pa 100 kapena 110, pomwe anakasiya kale akugwiritsa ntchito wonga wakuda weniweni ndi chipolopolo chopepuka. Zinthu ziwiri zasintha nthawi imodzi, muyezo osaugwira n'komwe.

Chimene chikuwakankhira ku zipolopolo zolemera n'chodziwika. Malamulo a ku Colorado salola chipolopolo chovekedwa pulasitiki cha sabot pa nyengo imeneyi, salolanso wonga woumbidwa timibulu, ndipo mfuti yosakira elk iyenera kukhala ya .50, kutanthauza ya bowo la mpope lotambalala theka la inchi, kapena kuposa. Ndiye munthu amene anazolowera kuponya timibulu tiwiri kapena titatu ta ma grain 50 mu mpope ndi kusindikiza sabot ya ma grain 250 pamwamba pake akukakamizika kuyeza wonga womwazika ndi kuika chipolopolo chodzaza mpope. Apa mpamene akugwera.

Triple Seven si wonga wakuda. Ndi wamphamvu kuposa, ndipo kampani ya Hodgdon imene imaupanga inanena kale kuti wofuna liwiro lofanana ndi la wonga wakuda achepetse muyezo ndi 15 peresenti. Amene ankathira 100 athire 85. Wonga wina, Pyrodex RS, ndi umene unapangidwa kuti uzilowa m'malo mwa wonga wakuda wa FFg (chizindikiro cha kukula kwa timbewu ta wonga) muyezo kwa muyezo. Pamwamba pa zimenezo onjezani kulemera kwa chipolopolo. Kampira kamtovu ka mfuti ya .50 kamalemera ma grain pafupifupi 177. Chipolopolo cha Great Plains cha kampani ya Hornady ndi 385, kuposa kawiri. Cholemera chimachedwa kunyamuka, chimagwiranso khoma la mpope pa malo aakulu, choncho mpweya wa wonga umaunjikana kumbuyo kwake nthawi yotalikirapo ndipo mphamvu yokankha makoma a mpope imakwera. Muyezo umene unali wabwinobwino ndi kampira ukhoza kupitirira malire a mfuti yomweyo mukaika chipolopolo cha 460.

Mfuti imayamba yakuchenjezani, anthu ndi amene samva. Pa mfuti zakale za fataki, monga za mtundu wa Hawken, mukaomba n'kupeza kanyundo kabwerera kokha m'mbuyo, kapena fataki yaphwanyika tizidutswa tauluka, dziwani kuti mpweya ukuthawira m'kabowo ka nipo, kachitsulo kovekapo fataki, mwamphamvu yosayenera. Kabowoko kamakula msanga ndi zipolopolo zolemera, ndipo kakakula zipolopolo zimayamba kumwazikana pa chandamale. Mpweya wotentha umanyambitanso tsinde la chipolopolo, mtovu n'kumatirira m'mizere ya mpope. Mwawononga wonga wodula, mwavulaza phewa, mwaphunzira kutsinzina musanakoke, ndipo mapeto ake mukulasa nyama m'mimba n'kukafera kumene simudzaipeza.

Mlimi wina woweta ng'ombe kumadzulo kwa Colorado anabwera ku bwalo akudandaula kuti mfuti yake yakalamba. Akuti bambo ake ankathira 110 moyo wawo wonse ndipo nyama sinkasowa pakhomo. Zoona, koma bambowo ankathira wonga wakuda pansi pa kampira. Iye anali kuthira 110 ya Triple Seven pansi pa chipolopolo cha 460, kanyundo kakubwerera pa kuomba kulikonse, phewa lili bii. Atatsitsa kufika pa 80 ndi kusintha nipo, zipolopolo zitatu zinagwera malo okwana chikhatho pa mayadi 100. Anachoka akung'ung'udzabe kuti 80 ndi muyezo wa ana. Nkhani ya "bambo anga ankatero" imeneyi yatopetsa. Elk siphedwa ndi phokoso. Chipolopolo cha 460 choyenda pang'onopang'ono chimaboola nthiti zonse ziwiri popanda vuto.

Pali china chimene Triple Seven amachita chimene chimakulitsa ngoziyi. Amasiya mkombero wouma wa zotsalira m'kati mwa mpope, pamwamba pang'ono pa pomwe wonga umathera, makamaka pa mfuti zoyatsira ndi primer ya 209, kachoyatsira wonga kamphamvu kuposa fataki. Mukathira kachiwiri osapukuta, chipolopolo chimakakamira pa mkomberowo, inu n'kumayesa chafika. Chatsala m'mwamba, pakati pa icho ndi wonga pali mpata. Mpata umenewo ndi umene umatupitsa mpope, nthawi zina kuung'amba. Zipolopolo zina zodzaza mpope zimalowanso mosavuta kwambiri, kotero mukayenda tsiku lonse m'phiri mfuti italoza pansi, cholemeracho chimatsetsereka chokha kusiya wonga m'mbuyo. Mpata womwe uja.

Ena, pofuna kuoneka osamala, agula sikelo. Vuto nlakuti manambala olembedwa pa mabotolo ndi m'mabuku a mfuti ndi a kachubu koyezera, osati a sikelo, ndipo wonga wolowa m'malo ndi wopepuka kuposa wakuda. Wonga wa Blackhorn 209 wodzaza pa 100 m'kachubu umalemera ma grain 70 okha. Malire ake apamwamba ndi 120 m'kachubu, kutanthauza 84 pa sikelo. Munthu akayeza 100 pa sikelo wathira zoposa 140 za m'kachubu, ndiye aikepo chipolopolo cholemera! Blackhorn yemweyo sayaka bwino ndi fataki ya nambala 11; amafuna primer ya 209 ya mfuti za shotgun, ndi chipolopolo chogwira mpope zolimba. M'mfuti yoyatsira ndi mwala musayese n'komwe wonga uliwonse wolowa m'malo, imeneyo imafuna wonga wakuda. Za wonga wopanda utsi wa zipolopolo zamakono sitiyeneranso kukumbutsana: m'gogodera wamba sulowa, ngakhale kambewu kamodzi.

Chochita n'chachidule. Tsegulani buku la mfuti yanu muone malire a chipolopolo cha kulemera kumeneko, chifukwa malire a 150 olembedwa pa bokosi si a chipolopolo chilichonse. Onaninso kapotedwe ka mizere ya mpope: wa 1:66, kutanthauza kuzungulira kamodzi pa mainchi 66, ndi wa kampira, wa 1:48 umalola zipolopolo zazifupi monga Maxi-Ball ya 370, zazitali za 460 zimafuna wa 1:28 kapena wapafupi ndi pamenepo. Pa mfuti ya .50 yambani pa 70 ya Triple Seven FFg, muzikwera ndi 5, kuomba katatu pa muyezo uliwonse. Ambiri amaima pakati pa 80 ndi 90. Ikani kathonje kaubweya kopaka mafuta pakati pa wonga ndi chipolopolo kuti tsinde lisapse. Pukutani mpope mukaomba kulikonse, kansalu konyowa pang'ono kenako kouma. Mukathira koyamba mu mpope woyera, lembani chizindikiro pa ndodo yotsindira, ndipo chizindikirocho chikapanda kufika pakamwa pa mpope musaombe. Muli kutchire, chotsani fataki muyesenso ndi ndodo ngati chipolopolo chikadali pa wonga. Madzulo tsukani ndi madzi ngati munagwiritsa ntchito Pyrodex kapena Triple Seven, tsiku lomwelo, chifukwa zotsalira zake zimakoka chinyezi ndipo dzimbiri silidikira. Blackhorn amatsukidwa ndi mankhwala amafuta otsukira mfuti. Nipo yotsalira muzikhala nayo m'thumba.